Momwe mungazindikirire heart block ndi kukula kwa zipinda za mtima pa ECG

Kujambula ECG, pepala loonetsa magetsi a mtima, ambiri timatha. Vuto limayamba pepala likatuluka m'makina. Maso amathamangira mawu amene makina alemba pamwamba, mawuwo n'kukopedwa m'buku la kuchipatala la wodwala, basi yatha. Ndi mmene gogo amene wakomoka kawiri sabata imodzi amabwererera kumudzi atalembedwa kuti "sinus bradycardia", kutanthauza mtima wongochedwa chabe, chikhalirecho zipinda za m'mwamba ndi za m'munsi za mtima wake zinasiya kale kumvana. Kuchedwa kapena kutsekeka kwa magetsi panjira yawo mumtima ndiko kumatchedwa heart block. Ndi mmenenso mnyamata wowonda wa zaka 22, wopanda vuto lililonse, amauzidwira kuti ali ndi mtima waukulu, n'kupita kwawo ali ndi mantha.

Pepala la ECG limayeza zinthu ziwiri. Chopingasa limayeza nthawi, choimirira limayeza mphamvu ya magetsi. Kugunda kulikonse kumajambula mafunde: P ya zipinda za m'mwamba, QRS ya zipinda za m'munsi (R ndi nsonga yake yoloza m'mwamba, S yoloza pansi pambuyo pake), kenaka T. Nthawi ndi yodalirika, ndiye block zambiri mutha kuzitsimikiza powerenga timabokosi. Msinkhu wa mafunde umasintha ndi zaka za munthu, kunenepa kwake, mapapo ake ndi pamene munamata mawaya, choncho pa kukula kwa zipinda ECG imangokuuzani amene afunika echo, ndiyo ultrasound ya mtima. Masitepe ali m'munsiwa muwatsate mwandondomeko yomweyi nthawi zonse, ngakhale yankho likuoneka ngati laonekera kale.

Zofunika kukhala nazo

- Pepala la ECG la ma lead 12 (mbali 12 zimene makina amaonera mtima), lokhala ndi mzere wautali pansi. Mzerewu nthawi zambiri umakhala wa lead II ndipo umatenga masekondi 10.
- Kapepala koyera kowongoka m'mphepete ndi cholembera chosongoka. Izi zimagwira ntchito ya calipers.
- Kuwala kokwanira. Pepala la ECG limafufutika likakhala padzuwa kapena m'thumba, choncho lijambuleni pafoni tsiku lomwelo.
- Zaka za wodwala, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, BP yake, ndi kugunda kwa mtima kumene mwamva nokha ndi zala.
- Mayina a mankhwala onse amene akumwa, makamaka digoxin, atenolol, propranolol, verapamil, amitriptyline, enalapril ndi spironolactone.
- ECG yakale ngati ilipo, ndi zotsatira za potaziyamu ndi creatinine ngati labu yanu ikuyeza.

Sitepe 1: Onani ngati pepalalo ndi lokhulupirika

Pansi kapena m'mbali mwa pepala payenera kulembedwa 25 mm/s ndi 10 mm/mV. Pa liwiro limeneli kabokosi kakang'ono ndi masekondi 0.04, ndipo bokosi lalikulu, la timabokosi 5, ndi masekondi 0.2. Kumayambiriro kwa mzere kumakhala chizindikiro cha makona, chimene msinkhu wake uyenera kukhala mabokosi aakulu 2.

Chenjezo: makina ena amakhala atatcheredwa pa 50 mm/s, liwiro limene limagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Germany. Pamenepo chilichonse chimaoneka chotalika kawiri, PR (nthawi yochokera poyambira P kufika poyambira QRS) yabwinobwino n'kuoneka ngati block, mtima wogunda ka 80 n'kuoneka ngati ukugunda ka 40. Makina ena amadzichepetsera okha msinkhu kufika pa 5 mm/mV mafunde akakula kwambiri, ndipo mukapanda kuona zimenezo muphonya LVH yeniyeni, ndiko kukula kwa chipinda cha m'munsi cha kumanzere.

Mawaya a m'manja ndi m'miyendo musawadziwire mtundu wokha. Waya wofiira pa makina a ku Ulaya ndi wa dzanja lamanja, koma pa makina a ku America ndi wa mwendo wamanzere. Werengani zilembo zolembedwa pawayapo. Pepala likatuluka, onani lead I ndi aVR. Mwa munthu wamba P ndi QRS zimaloza m'mwamba mu lead I ndi pansi mu aVR. Zikatembenuka, mwina mawaya a m'manja asinthana. Jambulaninso.

Pachifuwa, V1 ndi V2 zimakhala pa mpata wachinayi wa nthiti, V1 kumanja kwa fupa la pakati pa chifuwa, V2 kumanzere. Musayerekeze ndi maso. Papasani kamtumbira ka pafupa la pakatilo, pamene nthiti yachiwiri imalumikizira. Mpata wa pansi pa nthitiyo ndi wachiwiri, tsikani mipata ina iwiri. V4 imakhala pa mpata wachisanu molunjika pakati pa clavicle (fupa lochokera pakhosi kupita paphewa), V3 pakati pa V2 ndi V4, V5 ndi V6 pamzere womwewo wa V4 kulowera kukhwapa. Kwa amayi, V4 mpaka V6 zimatidwe pansi pa bere. Anthu ambiri amamata V1 ndi V2 m'mwamba kwambiri, ndipo muona kutsogoloku chisokonezo chimene zimenezi zimabweretsa.

Sitepe 2: Werengani liwiro la mtima ndi kuona ngati ukugunda mofanana

Werengani mabokosi aakulu pakati pa R ndi R yotsatira, kenaka gawani 300 ndi nambalayo. Bokosi 1 ndi 300 pamphindi, 2 ndi 150, 3 ndi 100, 4 ndi 75, 5 ndi 60, 6 ndi 50. Mabokosi 8 ndi pafupifupi 38. Ngati mipata siyofanana, werengani ma QRS onse pamzere wa masekondi 10 n'kuchulukitsa ka 6.

Ikani kapepala kanu pansi pa mzere wautali, lembani timizere pa ma R atatu otsatizana, ndipo kokani kapepalako kutsogolo. Yankho likhala limodzi mwa atatu: mipata ndi yofanana, mipata ikubwera m'magulumagulu ndi kadumpha pakati, kapena palibe dongosolo lililonse. Sungani yankholi, lidzakuthandizani pa sitepe 4.

Sitepe 3: Sakani ma P onse, ndi obisala omwe

Apa ndi pamene block zambiri zimaphonyedwa. P ndi yaing'ono, ndipo ikagwera pa T kapena mkati mwa QRS siioneka pokhapokha muifunefune. Yang'anani lead II ndi V1. Pezani ma P awiri otsatizana ooneka bwino, alembeni pakapepala, n'kumakoka kapepalako mpata umodziumodzi. Paliponse pamene kamzere kanu kagwera, yang'anitsitsani. T imene ili ndi kanundu kamene ma T ena alibe, kapena QRS imene yayamba mosiyana ndi zinzake, nthawi zambiri yameza P.

Werengani liwiro la ma P paokha monga munachitira ndi ma R. Ma P akachuluka kuposa ma QRS, pali block kapena chinthu chofanana nayo.

Sitepe 4: Yezani PR ndi kutchula mtundu wa AV block

PR imayezedwa kuchokera poyambira P kufika poyambira QRS, osati pansonga ya R. Mwa munthu wamkulu imakhala timabokosi 3 mpaka 5, kapena masekondi 0.12 mpaka 0.20. Yezani PR pa kugunda kulikonse kwa mzere wautali, osati pamodzi pokha.

First-degree block. P iliyonse ili ndi QRS yake, koma PR yapitirira timabokosi 5 ndipo siikusintha. Payokha siifuna mankhwala. Onani zimene wodwala akumwa. Koma samalani ndi ana: malire awo ndi aafupi, pafupifupi timabokosi 4 kwa mwana wosakwana zaka 12. Mwana amene watentha thupi, mfundo zikupweteka mosinthanasinthana, ndipo PR yake yatalika, muganizire acute rheumatic fever, chifukwa PR yotalika ndi chimodzi mwa zizindikiro zing'onozing'ono za Jones criteria, mndandanda wozindikirira matendawa. Mvetserani mtima wake mofatsa.

Mobitz I, imene ambiri amaitcha Wenckebach. PR imatalika pang'onopang'ono mpaka P imodzi imasowa QRS, kenaka zimayambiranso. Kutalikako nthawi zina kumakhala kochepa kwambiri moti simungakuone poyerekeza kugunda koyandikana. Njira yachidule ndi iyi: yerekezani PR yomaliza QRS isanasowe ndi PR yoyamba itasowa. Ya pambuyo ikakhala yaifupi, ndi Wenckebach. Vuto limakhala mu AV node momwemo, pamene magetsi amadutsira kuchoka m'zipinda za m'mwamba kupita m'munsi, QRS nthawi zambiri ndi yopapatiza, ndipo imapezeka ngakhale mwa achinyamata othamanga kapena munthu ali mtulo. Imabweranso ndi digoxin, atenolol, ndi heart attack ya khoma la pansi la mtima, choncho onani ngati ST, mzere wa pakati pa QRS ndi T, yakwera mu II, III ndi aVF. Mtsempha wa kumanja umene umatsekeka pa heart attack yotereyi ndi womwewo umadyetsa AV node mwa anthu ambiri.

Mobitz II. PR siisintha konse, isanasowe QRS ndi itasowa, koma mwadzidzidzi P imodzi imangotsala yokha. Vuto lili pansi pa AV node, ndipo kawirikawiri QRS imakhala yotambalala. Iyi ndi yoopsa ngakhale wodwala akuseka nanu, chifukwa imatha kusanduka complete block nthawi ina iliyonse.

Block ya 2:1. Pa ma P awiri alionse, imodzi yokha ndiyo ili ndi QRS. Simungaitche Mobitz I kapena II, poti palibe ma PR awiri otsatizana oti muyerekeze. Lembani kuti 2:1 basi. QRS yopapatiza yokhala ndi PR yaitali imaloza ku AV node, QRS yotambalala imaloza pansi pake. Tulutsani mzere wautali wa mphindi yathunthu, mwina mupeza pamene yasintha n'kudziulula. Kumbukiraninso kuti pa 2:1 P yachiwiri imakonda kukhala pamwamba pa T, ndiye makina amalemba kuti sinus bradycardia.

Complete heart block. Palibe P imene ikufika m'munsi. Zipinda za m'mwamba ndi za m'munsi zili ngati oimba ng'oma awiri amene sakumvetserana, aliyense akusunga kaimbidwe kake. Mipata ya ma P ndi yofanana, mipata ya ma R ndi yofanana, ma P akuthamanga kuposa ma QRS, ndipo PR ikusintha popanda dongosolo. QRS ikakhala yopapatiza pa liwiro la 40 mpaka 60, kugundako kukuchokera pafupi ndi AV node. Ikakhala yotambalala pa liwiro la 20 mpaka 40, kukuchokera m'zipinda za m'munsi, ndipo sikodalirika.

Pano bwererani ku yankho la sitepe 2. PR yosinthasintha ndi ma R obwera m'magulu, ndi Wenckebach. PR yosinthasintha ndi ma R ofanana ndendende, ndi complete block. Anthu amasokoneza ziwirizi chifukwa pa complete block P ina imagwera mwangozi pamalo ooneka abwino patsogolo pa QRS, diso n'kukhulupirira kuti zikugwirizana.

Chenjezo loyamba: P imene yabwera msanga nthawi yake isanakwane, n'kusowa QRS, si block. Ndi kugunda kofulumira kwa m'chipinda cha m'mwamba kumene kwapeza AV node isanapume. Pa block yeniyeni P yosowa QRS imafika pa nthawi yake.

Chenjezo lachiwiri: wodwala wa atrial fibrillation, amene zipinda zake za m'mwamba zimangonjenjemera, alibe ma P, ndipo ma R ake sakhala ndi dongosolo. Mukaona kuti ma R ake ayamba kufanana ndipo akuchedwa, musasangalale kuti wachira. Imeneyo ndi complete block pamwamba pa fibrillation, ndipo choyamba kufunsa ndi digoxin, makamaka ngati akusanza, sakufuna kudya, kapena impso zake zafooka.

Sitepe 5: Yezani mulifupi mwa QRS

Sankhani lead imene QRS ikuoneka yotambalala kwambiri. Ikafika timabokosi 3, kapena masekondi 0.12, ndi yotambalala. Musanaitche bundle branch block, kutsekeka kwa njira ya magetsi ya kumanja (RBBB) kapena ya kumanzere (LBBB), tsimikizani kuti QRS iliyonse ili ndi P patsogolo pake, chifukwa kugunda kochokera m'zipinda za m'munsi nakonso kumatambalala.

Pitani ku V1. Ikani nsonga ya cholembera pamene QRS yathera, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mbali yomaliza ya QRS ikakhala pamwamba pa mzere, ndi RBBB. Ikakhala pansi, ndi LBBB. Kenaka tsimikizani mu lead I ndi V6.

Pa RBBB, V1 imaonetsa r yaing'ono, S, ndi R yachiwiri yaitali kuposa yoyamba, ndipo lead I ndi V6 zimathera ndi S yotambalala yokokeka. T yozondoka mu V1 mpaka V3 ndi mbali ya RBBB yomweyo, si chizindikiro china. RBBB imapezeka mwa anthu ena athanzi, komabe mwa munthu wobanika mwadzidzidzi muganizire magazi oundana m'mapapo, ndipo mwa mwana kapena wachinyamata muganizire bowo la pakati pa zipinda za m'mwamba.

Pa LBBB, V1 imakhala ndi S yakuya yotambalala, ndipo lead I, aVL, V5 ndi V6 zimakhala ndi R yotambalala, yamphanda kapena yophwatalala pamwamba, yopanda q patsogolo. LBBB kawirikawiri imatanthauza kuti mtima uli ndi matenda: BP ya zaka zambiri, minofu ya mtima yofooka, valavu ya aorta, kapena mitsempha yotsekeka. Aliyense wa LBBB ayenera echo.

Chenjezo: pa LBBB, ST ndi T zimaloza mbali yosiyana ndi QRS, choncho ST yokwera pang'ono mu V1 mpaka V3 ndi yoyembekezeka. Chodetsa nkhawa mwa munthu womva kupweteka pachifuwa ndi ST imene yatsata mbali yomweyo ya QRS: yokwera ndi kabokosi 1 kapena kuposa pamene QRS ikuloza m'mwamba, kapena yotsika ndi kabokosi 1 mu V1 mpaka V3. Izi ndi mbali ya Sgarbossa criteria.

QRS yotambalala imene siikufanana ndi RBBB kapena LBBB ikuchititseni kuganiza za potaziyamu. Ma T osongoka, ma P ophwatalala kapena osowa, mtima wochedwa, mwa wodwala impso kapena womwa enalapril pamodzi ndi spironolactone, ndi ngozi yofuna calcium gluconate pompopompo, osadikira labu. Kumwa amitriptyline wambiri kumatambalalitsanso QRS.

Sitepe 6: Pezani axis, mbali imene magetsi a mtima akulowera

Yang'anani QRS mu lead I ndi aVF. Zonse zikaloza m'mwamba, axis ili bwino. Lead I ikaloza pansi, aVF m'mwamba, axis yapendekera kumanja. Lead I ikaloza m'mwamba, aVF pansi, funsani lead II: ikaloza m'mwamba zikadali bwino, ikaloza pansi axis yapendekera kumanzere.

Axis ya kumanzere yokhala ndi r yaing'ono ndi S yakuya mu II, III ndi aVF, komanso q yaing'ono ndi R yaitali mu aVL, ndi left anterior fascicular block, kutsekeka kwa nthambi ya kutsogolo mwa nthambi ziwiri za njira ya kumanzere. Payokha siitambalalitsa QRS kufika timabokosi 3 ndipo siiopsa kwenikweni. Ikakhala pamodzi ndi RBBB ndiye kuti njira ziwiri mwa zitatu zatsekeka. Munthu wotere akamakomoka, musamutenge ngati wachizungulire wamba, mutumizeni. Left posterior fascicular block ndi yosowa, ndipo musailembe musanachotse RVH (kukula kwa chipinda cha m'munsi cha kumanja) ndi matenda a mapapo, amene amapendeketsa axis kumanja kawirikawiri kuposa iyo.

Sitepe 7: Yezani P kuti muone zipinda za m'mwamba

Mbali yoyamba ya P imachokera ku chipinda cha kumanja, yomaliza ku cha kumanzere. N'chifukwa chake cha kumanja chikakula P imakwera msinkhu, cha kumanzere chikakula P imatalika nthawi.

Chipinda cha kumanzere: P mu lead II yofika timabokosi 3 mulifupi, nthawi zambiri ya nsonga ziwiri zotalikirana kabokosi 1 kapena kuposa. Mu V1, mbali yomaliza ya P yolowa pansi pa mzere, yofika kabokosi 1 mulifupi ndi kabokosi 1 kuya. Muyeso wosavuta ndi woti ngati kabokosi kathunthu kangakwane m'kadzenjeko, yakwana.

Chipinda cha kumanja: P yosongoka yofika timabokosi 2.5 msinkhu mu II, III kapena aVF, mulifupi mwake muli bwinobwino. Mu V1 mbali yoyamba imakwera kupitirira timabokosi 1.5.

Chenjezo: V1 yomatidwa m'mwamba, pa mpata wachiwiri kapena wachitatu, imatulutsa P yolowa pansi ndi r yachiwiri yaing'ono yonamizira RBBB mwa munthu wopanda vuto. Mukaona ziwirizi pamodzi, pitani mukaone pamene mawaya anamatidwa musanalembe chilichonse. Komanso P imakwera msinkhu mtima ukamathamanga, choncho P yaitali mwa wodwala wotentha thupi kapena wa mphumu imene yavuta muiyezenso akakhala bwino.

Sitepe 8: Chipinda cha m'munsi cha kumanzere

Miyeso itatu ikukwanirani, ndipo kabokosi kalikonse ndi milimita 1.

- Sokolow-Lyon: kuya kwa S mu V1 kuphatikiza msinkhu wa R mu V5 kapena V6, mutenge yaitaliyo. Malire ndi 35.
- R mu aVL yofika 11.
- Cornell: R mu aVL kuphatikiza S mu V3, kupitirira 28 kwa mwamuna, kupitirira 20 kwa mkazi.

Yezani kuchokera pamzere wapakati, osati kuchokera pansi pa S kufika pansonga ya R. Mafunde a V4, V5 ndi V6 akatalika amalowerana papepala, choncho tsatirani mzere umodzi ndi nsonga ya cholembera kuti musaphatikize R ya lead ina ndi S ya inzake.

Nambala yokha siikwana. Tiyerekeze kuti S mu V1 ndi 18, R mu V5 ndi 21, zonse 39. Mwa bambo wa zaka 55 wa BP yosatsika, amene P yake mu V1 ili ndi kadzenje kaja, ndipo ST mu I, aVL, V5 ndi V6 ikutsetsereka kulowa mu T yozondoka yotsika pang'onopang'ono n'kukwera msanga, LVH ndi yokhulupirika. Maonekedwe a ST ndi T amenewa ndiwo amatchedwa strain, ndipo ine ndimawalemekeza kuposa nambala. Mwa mnyamata wowonda wosakwana zaka 35, wa BP yabwino, wopanda strain, 39 yomweyo siitanthauza kanthu. Chifuwa chake ndi chopyapyala, mawaya ali pafupi ndi mtima, ndipo achinyamata a ku Africa amadziwika kuti mafunde awo amakhala aatali mwachibadwa.

Mbali inayo ndi yoopsa kwambiri. Miyeso imeneyi imaphonya anthu ambiri amene echo imawapeza ndi LVH, makamaka onenepa ndi a mapapo ofufuma. Munthu wa BP ya zaka zambiri amene ECG yake siinafike 35 musamuuze kuti mtima wake uli bwino. Ndipo ngati X-ray ikuonetsa mtima waukulu pamene ECG ikuonetsa timafunde ting'onoting'ono, QRS yosafika mamilimita 5 mu ma lead onse a manja ndi miyendo, mtima ukuthamanga, ganizirani madzi ozungulira mtima. Kuno kwathu chifuwa chachikulu cha TB ndicho choyamba kuchiganizira, makamaka mwa amene ali ndi HIV. Ikani ultrasound pachifuwa tsiku lomwelo, ngakhale ija ya kwa amayi oyembekezera imaonetsa madziwo.

Chenjezo: pa LBBB musawerengere LVH ndi nambalazi. Block yokhayo imakuza ma S.

Sitepe 9: Chipinda cha m'munsi cha kumanja

Funani zinthu zingapo pamodzi: axis ya kumanja, R yaitali kuposa S mu V1 kapena R yofika 7 mu V1, S yakuya kuposa R mu V6, ndi T yozondoka mu V1 mpaka V3, QRS ili yosafika timabokosi 3. Chizindikiro chimodzi chokha chisakukhutiritseni. R yaitali mu V1 imabweranso ndi RBBB, heart attack ya khoma la kumbuyo, WPW imene imadziwika ndi PR yaifupi ndi QRS yoyamba mokokeka, ndi mawaya osinthana. Mwa makanda ndi ana aang'ono R yaitali mu V1 ndi T yozondoka mu V1 mpaka V3 ndi zachibadwa, choncho miyeso ya akulu musaigwiritse ntchito pa iwo.

Pali zithunzi ziwiri zoyenera kuziloweza. Choyamba ndi P yotambalala ya chipinda cha kumanzere pamodzi ndi axis ya kumanja ndi RVH, popanda LVH. Imeneyo ndi mitral stenosis, kupanikizika kwa valavu ya pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere, mpaka echo itakana, ndipo mudzakumana nayo mwa mtsikana kapena mayi woyembekezera amene akubanika, amene mwina wakhala akupatsidwa mankhwala a mphumu. Akalowa mu atrial fibrillation P imasowa, n'kutsala axis ndi V1 zokha zokuuzani. Chachiwiri ndi P yosongoka, axis ya kumanja ndi ma S akuya mpaka V6 mwa munthu wotupa miyendo amene mapapo ake anaonongeka ndi TB yakale, fodya kapena utsi wa kukhitchini. Mwa ameneyu R ya mu V1 imatha kukhala yaing'ono chifukwa mapapo ofufuma amaphimba mtima.

Sitepe 10: Lembani zimene mwayeza, kenaka chitanipo kanthu

Lembani manambala, osati dzina lokha: liwiro la ma P, liwiro la ma QRS, PR, mulifupi mwa QRS, axis, kenaka dzina la vutolo. Pa zipinda lembani kuti "zizindikiro za LVH, afunika echo", osati "mtima waukulu". Mawu amenewo akalowa m'buku la wodwala amamutsatira moyo wake wonse.

Wa Mobitz II, wa 2:1 ya QRS yotambalala, ndi wa complete block asapite kunyumba. Mugonekeni, muikeni kanula, imitsani mankhwala ochedwetsa mtima, yezani potaziyamu, ndipo funani heart attack. Ngati BP yatsika, wakomoka, akubanika kapena akumva kupweteka pachifuwa, atropine 0.5 mg kudzera mumtsempha, kubwereza pa mphindi 3 mpaka 5 osapitirira 3 mg, ndiye poyambira. Malangizo ena amayambira pa 1 mg, ndiye tsatirani a pachipatala chanu. Atropine amagwira ntchito pa AV node, choncho pa block ya QRS yotambalala musamudalire, konzekerani dripu ya adrenaline ndipo imbani foni kuchipatala chachikulu wodwala asananyamuke. Block imene siinabwere chifukwa cha mankhwala, potaziyamu kapena heart attack ya khoma la pansi nthawi zambiri imafuna pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Tumizani pepala la ECG limodzi ndi wodwala.

Zolakwa zofala

Kukhulupirira mawu a makina. Makina amayeza PR ndi QRS bwino ndithu pepala likakhala loyera, koma amaphonya ma P obisala, ndipo amalemba LVH pa achinyamata ambiri athanzi.

Kuweruza ndi kugunda katatu kapena kanayi kwa mu lead imodzi. Block ya second-degree imafuna mzere wautali.

Kuiwala wodwala. Mtima wochedwa mwa munthu wotuluka dovu, wa thukuta ndi timaso tating'ono, ndi tameki kapena mankhwala ena ophera tizilombo, ndipo mlingo wa atropine wa pamenepo ndi wina, wokulirapo kwambiri. Mwana wa zilonda za pakhosi zokhala ndi kansalu kotuwa, khosi lotupa, amene wayamba block, ndi diphtheria imene yafika kumtima.

Kutenga kunjenjemera ngati ma P. Wodwala wozizidwa, waya womasuka kapena foni ili pachaja pafupi zimadetsa mzere. Mufunditseni, pukutani khungu, metani ubweya ngati ulipo, jambulaninso.

Kupereka atenolol wa BP kwa munthu amene mtima wake ukugunda ka 40 musanaone ECG. BP yokwera nambala ya pamwamba mwa gogo wa mtima wochedwa imatha kukhala zotsatira za complete block yomweyo, chifukwa mtima ukudzaza kwambiri pa kugunda kulikonse.

Kusalemba dzina, tsiku ndi nthawi papepala. LBBB ya lero imawerengedwa mosiyana ngati pepala la chaka chatha likuonetsa kuti inalipo kale, ndipo pepala lopanda tsiku silingakuuzeni zimenezo.